Alonda a M'chotupa

Miyezi isanu ndi umodzi bambo anameza mapiritsi a TB,
kenaka ina isanu ndi umodzi,
chifuwa osamva.
Makhololo akapita koyezetsa ankabwerako opanda mlandu,
koma malaya awo ankangokulirakulira.

Ku Blantyre anawatapa kanyama m'phapo la kumanja,
kochepa kuposa njere ya mpunga,
nkutiuza kuti tibwerere ku M'baluku tikadikire.
Tinadikira. Mango anapsa, anagwa, anatha.

Lachinayi lina, pa chipatala cha pa boma,
fani ya kudenga ikupukusa mutu osabweretsa mphepo,
Mayi Chikakwiya sanazungulire.
"Ndi khansa, Che Mtelela."
Anatembenuza foni kuti nafenso tione:
chithunzi chofiirira ngati chitenje chosuluka,
pakati pake timadontho takuda, mbwee,
ngati nyerere zapeza shuga.

"Timeneti ndi asilikali a m'thupi mwanu.
Kwa odwala ena amangoima kunja kwa chotupa, kusuzumira.
Anuwa alowa mpaka m'kati.
Zikatere, kawirikawiri munthu amakhalako masiku ochulukirapo.
Kawirikawiri, ndatero.
Sindinalonjeze."

Bambo anapukuta magalasi ndi ngodya ya mpango.
Munthu amene anasiya mpweya wake wabwino m'migodi ya ku Joni,
nkudzalondera sitolo ya simenti pafupi ndi raundabauti
zaka makumi awiri ndi ziwiri,
chingambwe chili pakamwa kuopa tulo,
anayang'anitsitsa, nati:

"Awa si asilikali. Ndi alonda awa, ndikuwadziwa.
Komatu adokotala, kukhala m'kati mwa mpanda si kukhala maso.
Tinali naye wina, Bwanali,
yunifolomu yosita, tochi yowala kuposa yanga,
ndiye ankatsegulira geti okuba malata."

Mayi aja anaseka mpaka kugwira tebulo.
"Aliponso otero m'menemu.
Ena chotupa chimawagoneka tulo,
ena chimawagula, azichilondera chomwecho.
Chithunzichi chimangowerenga mitu.
Kuti tidziwe Bwanali ndi uti
pamafunika utoto wina, umene kuno tilibe."

Pobwerera tinakwera kabaza, iwo patsogolo, ine pambuyo.
Pa mlatho anauza mnyamata wopalasa kuti aime.
Ndinkaganiza kuti akufuna kulira.
Anangolavulira mu Shire,
kuyang'ana ngati muli magazi,
nati tiyeni.

Usiku umenewo ndinatenga chithunzi chija pa foni yanga,
kuchikulitsa ndi zala ziwiri,
nkuyamba kuwerenga timadontho.
Ndinafika mazana awiri ndi khumi ndi atatu.
Ena ndinawawerenga kawiri, ndikudziwa, ndipo dala.
Batire inatha ndisanafike m'mphepete.
Kodi angati amakwana chaka chimodzi?
Angati amafikitsa munthu ku ukwati wa Asiyatu?
Masamu amenewa kusukulu sanatiphunzitse,
ndipo Mayi Chikakwiya akuti
ngakhale a makina akuluakulu amawadziwa a gulu,
osati a munthu mmodzi wovala chipewa choyera
amene amadana ndi tiyi wopanda shuga.

Kuseri kwa khoma ndinamva chifuwa,
chija chouma ngati macheka pa thabwa la mlombwa,
kenaka gogogo, gogogo,
chala chikugogoda pa nthiti
monga ankagogodera geti ndi chibonga
kuti a kunja adziwe kuti muno muli munthu.
"Dzukani achimwene," ankanong'ona,
"shifiti sinathe.
Amene wadya za eni ake ndimuona."

Kalata yopita kwa a khansa ili m'thumba la pulasitiki,
deti lake ndi mwezi wa mawa,
ndalama ya minibasi tikusonkhabe.

M'mawa anandituma ku msika kukagula mbewu.
Ndinati ndigule therere, limabereka msanga.
Anandiyang'ana ngati ndatukwana.
"Nandolo," anatero.
"Wamtali uja, wokolola chisanu chitatha."